Mtisunge Sabweza Mbale

1. Masutikesi pabalaza

Lachitatu limenelo m'nyumba ya a Chimbalanga ku Buruburu, mumzinda wa Nairobi, munalibe popondapo. Masutikesi anali yasa pabalaza, nsalu za mphatso zili mbwee pamipando, ndipo Mayi Chimbalanga ankayenda uku ndi uku akudziyankhulira okha ngati munthu wotaya makiyi.

Mawa lake m'mamawa, iwo ndi mwana wawo wotsiriza, Mtisunge, amayenera kukwera ndege pa bwalo la Embakasi kupita ku Lilongwe. Loweruka kunali ukwati wa Joanna, mwana wawo woyamba. Bambo Chimbalanga, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo mu Nairobi, anali atatsogola kale kukaonana ndi ankhoswe.

Mtisunge ndiye anali mperekezi wamkulu wa mkwatibwi. Deresi lake lobiriwira linapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo ngakhale ntchentche inalibe chilolezo chotera pamenepo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkawasowetsa tulo mayiwa. Mwezi wa Epulo Mtisunge anagonekedwa m'chipatala ndi zilonda za m'mimba. Anasanza magazi mpaka anthu odzamuona anayamba kupemphera motsitsa mawu. Pomutulutsa, dokotala sanapite m'mbali: tsabola ayi, mandimu ayi, zokazinga ayi. Ananenanso kuti zilondazo zikangotseguka kachiwiri abwerera pabedi, ndipo za ulendo wa pandege aiwale.

Chiyambire pamenepo, mtsikana wa Folomu 4 ankadya ngati khanda. Phala m'mawa, mbatata yophika masana, nthochi yowiritsa madzulo. Anali atatopa nazo, ndipo sankabisa.

Masana akupendeka, telefoni inalira. Mtisunge analumpha sutikesi n'kuithamangira.

"Mti! Ndi ine Lenah. Ukufuna kungothawa osanditsanzika?"

2. Mnzake wa pakhonde

Lenah Kaphiri sanali mlendo m'nyumba imeneyi. Banja lake litangofika kumene kuchokera ku Zomba, lisanadziwe ngakhale kugula tomato m'Chiswahili, linakhala m'nyumba yoyandikana ndi ya a Chimbalanga. Mwezi woyamba wonse ankadyera mumphika wa Mayi Chimbalanga. Atsikana awiriwa anakula ngati mapasa: sukulu imodzi, kwaya imodzi, kulukana tsitsi pakhonde limodzi.

Ndi kwa a Kaphiri komweko kumene Mtisunge, ali wamng'ono, anaphunzira phunziro limene silinamuchoke. Tsiku lina amayi a Lenah anamuikira therere. Iye anakwinya mphuno n'kukankha mbale. Bambo Chimbalanga anaona, ndipo sanadikire kuti akafike kunyumba. Anamukhazika pansi pomwepo, Lenah ali chilili pakhomo, maso ali dwii.

"Mvetsera bwino, Mtisunge," anatero Bambo Chimbalanga. "Kwathu munthu sabweza mbale. Ukakana chakudya chimene mwini nyumba wakuikira ndi dzanja lake, sunakane therere ayi. Wamuuza kuti ndi mfiti. Wamuuza kuti mwina waikamo mankhwala. N'chifukwa chake mwini chakudya amayamba walawa yekha iwe ukuona, kuti mtima wako ukhale pansi. Tsono iye atalawa, iwe n'kukanabe, wamunyoza kuposa munthu womulavulira kumaso. Kuno tili kwa eni, ndipo a kwathu tilipo ochepa. Tikayamba kubwezerana mbale, tsiku la maliro adzatikhalira ndani? Chikhale chowawa, chikhale chosakukomera, umalandira ndi manja awiri, umadya, umathokoza. Zodandaula ukanenere kunyumba kwanu."

Mtisunge anadya therere lija misozi ili chuchuchu. Kuyambira tsiku limenelo sanabwezenso mbale kwa munthu, ndipo Lenah ankamuseka nazo zaka zonse.

Kenako Bambo Kaphiri anakwezedwa pa ntchito ku bungwe lalikulu la mayiko ambiri. Banja lija linasamukira ku Muthaiga, kumene mipanda yake ndi yaitali kuposa nyumba za ku Buruburu. Lenah anasintha sukulu, anasintha tsitsi, ndipo Chichewa chake chinayamba kutulukira m'mphuno. Matelefoni anayamba kuchepa. Mtisunge akaimba, wantchito wa kumeneko ankangoti Lenah watuluka.

Komabe mu Epulo muja Lenah anabwera kuchipatala. Anakhala pambali pa bedi akumumwetsa mnzake phala ndi supuni, ndipo mawu onse a dokotala anawamva ndi makutu ake.

Choncho tsiku limeneli mtima wa Mtisunge unadumpha atamva mawu ake.

"Ndikufuna ndikutsanzike bwinobwino," anatero Lenah. "Ku Westlands kuli lesitilanti ya chakudya cha ku Thailand, chenicheni, wophika wake ndi wa komweko. Anzanga a kusukulu akufunanso akuone."

"Akufuna andione ine?"

"Ndawauza zambiri za iwe."

"Koma m'mimba mwangamu, Lenah..."

"Iwe, ine ndi woti undiuze zimenezo? Anakumwetsa phala ndani? Ndasankha kale zofewa zokhazokha. Six o'clock. Usachedwe."

3. Chenjezo la amayi

Mtisunge ankadziwa kuti akangotchula Westlands, amayi ake akhoma chitseko n'kukhalira kiyi. Kwa iwo Westlands kunali kwa mabala ndi malo ovinira basi. Choncho ananama. Anati a kwaya akufuna kumupempherera ku tchalitchi asananyamuke.

Mayi Chimbalanga anaika simbi pansi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Maso awo anaima pa nsapato zoyera zimene zinagulidwira ukwati.

"Pemphero lake lofuna nsapato zimenezo?"

"Zinazo mwalongedza kale, Amayi."

Mayiwo anapumira m'mwamba. Anasuntha nsalu pampando n'kumulozera kuti akhale.

"Mwana wanga, sindingakuletse kupita kokapemphera. Koma undimve. Ine ndili ndi ana awiri, thupi ndili nalo limodzi. Joanna ndinamusiya ku Dedza ndi azakhali ake ali Folomu 2, kuti ndibwere kuno ndi bambo ako. Atadwala malungo ine kunalibe. Atakhoza mayeso ndinamvera pa telefoni. Chinkhoswe chake ndinachionera pa zithunzi. Loweruka lino ndi tsiku limodzi lokha limene ndamulonjeza kuti akadzatembenuka m'tchalitchi adzandiona. Tsono iwe ukangodwala, ine sindingakusiye m'chipatala m'dziko la eni. Nditsala. Ndipo mkulu wako akwatiwa ngati mwana wamasiye, mayi ake ali moyo. Wamva? Pakamwa pakopo si pako wekha sabata ino. Kulikonse ukupitako, akakupatsa soda, kana. Akakupatsa samusa, kana. Akakupatsa chipisi chothira tsabola, kana. Nena kuti dokotala waletsa. Munthu wokukonda sakwiya ndi mawu amenewo."

"Koma Adadi amati munthu sabweza mbale," anatero Mtisunge akuseka.

Amayi ake sanaseke.

"Bambo ako ankanena therere, osati moto. Ndipo ankanena anthu okuikira chakudya ndi mtima wabwino. Ulemu si kutseka maso ayi. Pita, koma usagonere kumeneko. Tili ndi ulendo."

Mtisunge anavomera zonse mofulumira, monga amachitira ana amene sanamve kanthu. Anakwera matatu, minibasi za kuno zija, kuchokera ku Buruburu mpaka m'tauni, kenako ina ya ku Westlands. Njira yonse mapazi anawabisa pansi pa mpando kuti wina asamupondere nsapato.

4. Kwa Mama Nok

Dzuwa linali lisanalowe, koma ku Westlands magetsi ofiira ndi obiriwira anali atayamba kale kuphethira pamwamba pa mabala. Nyimbo zinkalimbana kuchokera mbali zonse za msewu. Utsi wa nyama yootcha unkayenda pakati pa magalimoto. M'matakisi munkatsika atsikana ovala masiketi aafupi kuposa mpango wa kumutu wa Mayi Chimbalanga. Mtisunge anachita mantha pang'ono, koma anawongola khosi kuti asaoneke wa ku Buruburu.

Lesitilanti ija inali pamwamba pa bala ina, pokwera masitepe opapatiza. Mwini wake anali mayi wamfupi wa ku Thailand amene aliyense ankamutcha Mama Nok. Ankaphika yekha, ndipo khitchini yake inali poonekera, kuseri kwa galasi. Anthu ankamudziwa ndi chinthu chimodzi: sankasintha kaphikidwe ka kwawo pofuna kusangalatsa munthu.

Mtisunge anaima pakhomo modabwa. Ankayembekezera fungo lachilendo, koma mphuno yake inakumana ndi zodziwika kale. Munkanunkhira udzu wa mandimu uja amathira mu tiyi ku Dedza, mtedza wokazinga, ndi kafungo ka nsomba zouma ngati ka usipa. Kuseri kwa galasi kunkamveka thi! thi! thi! Mama Nok ankasinja zinthu m'kamtondo kadothi.

"Mti!"

Lenah anamukumbatira mwamphamvu n'kumukokera patebulo la pakona. Panali mnyamata wamtali wa ku Kenya konkuno, dzina lake Marvin, wa kalasi imodzi ndi Lenah. Pafupi ndi mbale yake panali kamera yaing'ono yojambulira kanema. Panalinso atsikana ena awiri amene maina awo Mtisunge anawaiwala pompo, chifukwa nawonso sanamuyang'ane kawiri.

"Ndiye ameneyu?" anafunsa Marvin m'Chingerezi.

"Ndi ameneyu," anayankha Lenah.

Mtisunge anamwetulira ndi manyazi. Anaganiza kuti mnzake wakhala akumutamanda.

Chakudya chinabwera n'kuikidwa pakati kuti aliyense azitapa. Panali supu wofuka nthunzi m'kamphika kachitsulo, nyama yootcha yotunga patimitengo, mpunga womata m'timadengu tating'ono, ndi nsomba yathunthu yogona pamasamba. Lenah anamuphunzitsa kuti kuno sadyera mpeni. Supuni imakhala kudzanja lamanja, foloko ndi yongokankhira.

"Supuyo usakhudze, muli mandimu," anamunong'oneza. "Idya izi."

Anamuikira yekha nkhuku yowiritsa, yofewa, ndi mpunga wophikira mu msuzi wa nkhuku yomweyo. Mtisunge analawa n'kutsinzina. Atatha miyezi yonseyo pa phala ndi mbatata, lilime lake linakumbukira kuti padziko pali kukoma.

Tisabise, anasangalala. Anaseka nthabwala za Marvin ngakhale zina sanazimve. Mmodzi wa atsikana aja atafunsa ngati Malawi ili pafupi ndi Mali, anamuyankha mwaulemu. Mumtima anamukhululukira Lenah matelefoni onse osayankhidwa aja. Anati mnzake akadali yemwe uja wa pakhonde, wangosintha tsitsi.

5. Mbale yapayokha

Kenako woperekera zakudya anabwera ndi mbale imodzi yokha, n'kuipereka kwa Lenah. Atsikana aja anasiya kutafuna. Marvin anapukuta zala n'kunyamula kamera.

Lenah anaimirira. Anagwira mbaleyo ndi manja awiri, anapinda mawondo pang'ono monga amachitira mtsikana woleredwa bwino kwathu, n'kuiika pamaso pa Mtisunge.

"Ichi amati som tam. Ndi papaya laliwisi, lodula tizingwe tating'ono, losinjira pamodzi ndi mtedza ndi tomato. Ndakuitanitsira iwe wekha, m'bale wanga. Ndi ya ulendo wabwino."

Mbaleyo inkaoneka yosalakwa. Tizingwe toyera ta papaya, mtedza pamwamba, kabichi m'mphepete. Koma pansi pake panali msuzi wofiirira wodzaza ndi njere zing'onozing'ono.

"Mulibe tsabola?" anafunsa Mtisunge.

"Taona."

Lenah anatola kachidutswa ka kabichi ka m'mphepete, kumene msuzi sunafike, n'kukatafuna mnzake akuona.

"Ndachotsa ufiti," anatero.

Mtisunge anaseka n'kutapa supuni yodzaza. Poyamba anamva kutsekemera. Kenako kuwawasa kwa mandimu. Kenako moto. Tsabola wa kambuzi amene amatchuka kwathu uja ndi mwana pamenepa. Lilime linachita dzanzi, makutu analira, maso anadzaza madzi. Anameza movutika, anaika supuni pansi, n'kukankha mbale pang'ono ndi chala.

"Lenah, sindingathe. Ukudziwa."

Lenah anakokera mpando wake pafupi. Anayankhula motsitsa mawu, ndipo tsopano chinali Chichewa cha ku Zomba chenicheni, chosadzera m'mphuno.

"Ukubweza mbale yanga? Pamaso pa anthu? Ndalawa iwe ukuona. Ndiye kuti ine ndi mfiti eti? Chifukwa tinasamuka ku Buruburu ndasanduka wokuthira mankhwala? Anzangawa ndawauza kuti ndiwe m'bale wanga. Chabwino, bweza. Ndikawauza amayi kuti mwana wa a Chimbalanga masiku ano sadya za kwa a Kaphiri."

Apa ndiye panali posankha. Mawu ofunika anali awiri okha, ndipo amayi ake anali atamupatsa kale masana omwewo: dokotala waletsa. Khomo linali lotsegula. Matatu zinali panja pomwepo.

Koma maso onse anali pa iye, ndipo m'makutu mwake munkamveka mawu a bambo ake a tsiku la therere. Mtisunge anaopa manyazi a kanthawi kochepa kuposa bedi la kuchipatala. Anakokera mbale ija pafupi n'kutenganso supuni.

Anadya. Thukuta linatsikira m'khosi. Misozi inagwera m'mbale momwemo. Palibe amene anamupatsa mpunga, palibe amene anatapako. Kamagetsi kofiira ka kamera kankamuyang'ana osaphethira.

Atamaliza anaika supuni pansi. Anapukuta pakamwa, anatembenukira kwa Lenah, ndipo anachita zimene anaphunzitsidwa kwawo.

"Zikomo," anatero.

6. Mpando wa ku Mombasa

Marvin anaika kamera pansi n'kuwomba m'manja. Atsikana aja anaphulika ndi phwete.

"Haiya! Lenah, wapambana!" anatero Marvin akugwedeza mutu. "Ine ndimati ukunama. Unati kwanu kuli mtsikana amene sangakane chilichonse chimene mungamuikire m'mbale, ngakhale chitamupha. Ndimati munthu wotero kulibe padziko. Ndipo mpaka wathokoza!"

Anatembenukira kwa Mtisunge ngati akumuuza nkhani yabwino.

"Pole, dada. Pepa, mlongo, usakwiye. Sabata yamawa tikupita ku Mombasa pa galimoto ya bambo anga, ndipo mpando unatsala umodzi. Tinati amene abweretse chinthu choseketsa kwambiri cha pa kanema wanga ndiye akwere. Ena anabweretsa zachabechabe. Koma izi!"

Mtisunge anayang'ana Lenah. Lenah anayang'ana nsalu ya patebulo.

"Ndi zoona?"

"Ndi nthabwala chabe, Mti. Imwa madzi."

"Unalipo dokotala akuyankhula."

"Unachira kalekale iwe. Usakokomeze."

"Ukudziwa kuti mawa tikupita ku ukwati wa Joanna."

"Come on, ndi tsabola chabe!"

Tsabola ankawotcha, inde. Kusekedwa kunkapweteka, inde. Koma chimene chinamulasa Mtisunge pamtima chinali china. Lenah sanamugwire ndi bodza limene aliyense akanalipeka. Anatenga chinthu cha m'nyumba, mawu a Bambo Chimbalanga amene anawamvera ali chilili pakhomo paja, n'kuwasunga zaka zonsezi, kenako n'kukawayala pamaso pa anthu osadziwa n'komwe kumene kuli Dedza. Ngakhale nkhuku yofewa ija inali nyambo. Mtisunge anadzimva woperekedwa, ndipo anamuperekayo anali munthu amene anamumwetsa phala.

Kenako m'mimba munagwira.

Ululuwo anauzindikira nthawi yomweyo. Unali womwe uja wa mu Epulo, pansi pa nthiti, ngati wina akupotokola nsalu yonyowa. Anaimirira atagwira tebulo, n'kupita kubafa akudzandira.

Anasanza kwambiri. Atatsegula maso n'kuyang'ana mu sinki yoyera, anaona zakuda ngati khofi. Pakati pake panali zofiira.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Anali Lenah. Anaona sinki ija, anagwira pakamwa, koma sanalowe.

"Mti... ine sindimadziwa kuti zifika apa."

"Ndithandize, Lenah."

"Dalaivala wathu wafika, ena atsika kale. Mvera, chonde usanene kuti unali ndi ine. Adadi akamva, za ku Mombasa zatha. Ukawauze kuti unadya samusa ku tchalitchi. Ndikuimbira mawa."

Chitseko chinatsekeka. Mtisunge anamva nsapato za mnzake zikutsika masitepe mothamanga.

7. Wakuikira mbale ndani?

Amene anamupeza ali pansi n'kumudzutsa anali Mama Nok, akadali ndi epuloni m'chiuno. Anamugwira m'khwapa, anamukhazika pampando m'khitchini, n'kumuika kansalu konyowa pachipumi. Anatuma woperekera zakudya kuti atsike akaimitse takisi ya kuchipatala.

Anamufunsa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, ndipo Mtisunge anamuuza za zilonda, za dokotala, ndi za ndege ya mawa. Nkhope ya mayiyo inasintha. Anakhala pansi moyang'anana naye.

"Mnzako uja anabwera kuno masana," anatero Mama Nok. "Anati ali ndi mlendo wochokera kudziko la tsabola, amene amatafuna tsabola ngati mtedza, ndipo akufuna aone ngati wa kwathu angamugonjetse. Ine ndinanyada. Ndinathira wodzaza dzanja, kuposa amene ndimadya ine mwini. Ndalakwa posabwera kudzakufunsa wekha. Koma nawe undimve, mwana. Kwathu mbale imeneyi sadya munthu mmodzi. Timaiika pakati, aliyense amatapa pang'ono, ndi mpunga, ndi masamba. Ukaona anthu akuikira mbale yakoyako, iwo manja ali pamiyendo, uzifunsa chifukwa chake. Ndaphika zaka zambiri mumsewu uno. Ndaona ana ambiri akulowa m'mabala awa akuseka, atagwirana manja ndi anzawo, n'kutuluka okha akulira. Kawirikawiri wowavulaza sakhala mlendo, chifukwa mlendo sadziwa mbali imene uli wofooka. Ndipo kukana si chipongwe. Ukanangoti ayi, ine ndikanakuphikira phala la mpunga, ndipo ndikanasangalala kuti wadya kwa ine n'kupita kwanu uli bwino."

Mtisunge anayang'ana kudzera pa galasi. Tebulo la pakona linali lopanda munthu. Mbale zonse zinali ndi zotsala, kupatula yake.

Kunja kunali kutangoyamba kuda. Nyimbo za bala ya pansi zinkagwedeza mpando umene anakhalapo. Ululu unabweranso, ndipo anapindika.

Mama Nok anakoka telefoni ya pakauntala n'kuiika pamiyendo pake.

"Takisi ikubwera. Ine ndipita nawe. Koma achipatala afuna kholo lako. Imba kwanu."

"Amayi akuganiza kuti ndili ku tchalitchi."

"Imba."

Mtisunge anaimba. Telefoni sinachedwe kuyankhidwa.

"Halo? Mtisunge? Mwamaliza kupemphera?" Mawu a Mayi Chimbalanga anali owala ngati a mtsikana. "Fulumira, mwana wanga! Joanna wangoimba kumene. Akuti satuma munthu, abwera yekha kudzatichingamira ku bwalo la ndege. Akuti akufuna akhale woyamba kundiona. Deresi lako ndalisita, ndalipinda bwinobwino. Kwatsala nsapato zakozo basi kuti nditseke sutikesi."

Mtisunge anayang'ana kumapazi. Pa nsapato yoyera ya kumanja panali dontho lofiira, ndipo linali litayamba kuuma.

"Amayi," anatero. "Sindili ku tchalitchi."

Panja hutala ya takisi inalira.

"Ndili ku Westlands. Ndasanza magazi. Akunditengera kuchipatala."

Anadikira kukalipidwa. Akanakonda kukalipidwa. Koma anangomva mpando ukukokedwa, ndi kupuma kwa munthu amene wakhala pansi mwadzidzidzi. Mayi Chimbalanga atayankhulanso, chimwemwe chija munalibe, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Ndikubwera. Koma wekha sukanadya, ndimakudziwa. Ndiuze chinthu chimodzi, Mtisunge. Wakuikira mbale ndani?"